Mapemphero a pabalaza pathu: zomwe tinagula, zomwe zinathyoka, zomwe tinasiya

Izi ndakhala ndikuzilemba m'kope kuyambira Januwale, kuti amene akuganiza zoyambitsa mapemphero m'nyumba mwake aone pomwe ife tinapunthwa. Ndife mabanja a mipingo yosiyana. Lamulungu aliyense amapita kutchalitchi kwake, koma Lachinayi madzulo timakumana pabalaza pathu. Mitengo sindiilemba m'ndalama poti imasintha mwezi ndi mwezi, dera ndi dera. Ndalama zonse zomwe tinasonkha poyamba ndaziwerenga ngati magawo 100, ndipo chinthu chilichonse ndizitchula magawo omwe chinadya.

9 Januwale

Kukumana koyamba. Akuluakulu tinalipo 9, ana 4. M'nyumba muno muli malo okhala anthu 6 basi, kuwerengera sofa ndi mipando ya patebulo lodyera, ndiye achinyamata awiri anakhala pamkeka limodzi ndi ana, ine n'kuvundikira ndowa pafupi ndi khomo la kukhitchini, n'kukhalapo. Tinawerenga Machitidwe 2:42-47, pomwe pali nkhani ya okhulupirira oyamba aja amene ankanyema mkate m'nyumba zawo. Aliyense ananenapo kanthu, ngakhale agogo aakazi ena amene ndimawadziwa kuti pagulu satsegula pakamwa. Tinaimba nyimbo zitatu za pamtima, tinapemphera, ndipo pomwe limakwana ola limodzi ndi theka tinali titamaliza.

Sitinagule kalikonse. Koma usiku wonse mtima wanga unali pa ndowa ija. Ndinachita manyazi kuti anthu abwera kudzapembedza Mulungu n'kupeza malo osaoneka ngati opembedzerapo.

16 Januwale

Tinasonkha, aliyense monga mwa kupata kwake, n'kugawa motere: matabwa, misomali, guluu ndi vanishi za mabenchi atatu, magawo 34, sipika yakale yokhala ndi maikolofoni imodzi, 30, kagome koikapo Baibulo polalikira, 6, kusindikiza mapepala a nyimbo 20 ndi timatumba ta pulasitiki towaikamo, 8, nyali yotchaja, 10, chifukwa babu la pabalaza ndi lofooka moti okalamba sankaona zilembo. Magawo 12 otsala tinaika m'kachitini, ndipo wosunga kachitiniko ndinali ine.

Woumirira za sipika ndinalinso ine. Bambo wina wachikulire, amene anakhalapo mkulu wa mpingo zaka zambiri, anandifunsa mofatsa: "Amayi, m'nyumba muno munthu akatsokomola kukhitchini timamva tonse. Sipikayi ithandiza ndani?" Ndinati tikadzachuluka idzafunika. Iwo anangoti, "Chabwino amayi, tiona," n'kusiyira pomwepo.

25 Januwale

Loweruka lonse bambo akunyumba ndi m'bale wina wodziwako ukalipentala anali pakhonde kukhoma mabenchi. Lililonse mamita 2 m'litali, masentimita 25 m'lifupi, masentimita 45 kuchoka pansi, miyendo ya thabwa kumapeto konse kuwiri. Matabwa ouma anali odula, ndiye tinatenga aawisi. M'baleyo anachenjeza kuti pakufunika thabwa lopingasa lolumikiza miyendo kunsi, koma matabwa anali atatha, tinati tidzaika mtsogolo.

Vanishi tinapaka madzulo omwewo. Pa thabwa laliwisi sauma msanga: Lachinayi lake anali akumatabe, ndipo siketi yoyera ya mtsikana wina inachoka ndi mzere wabulauni kumbuyo. Sananene kanthu, koma ndinamuona akuiyang'ana potuluka.

30 Januwale

Tinakankhira sofa kuchipinda cha ana, n'kundandalika mabenchi m'mizere itatu, mipando kumbuyo, zonse zitayang'ana kagome kaja. Ndinaima pakhomo n'kunena mumtima kuti eya, iyi tsopano ndiye tchalitchi.

Anthu atalowa, aliyense anayamba kulimbirana mzere wakumbuyo. Lakutsogolo linangokhala ana okhaokha. Sipika inali pafupi kwambiri ndi kagome, ndiye maikolofoni inkatola mawu a sipika yomweyo n'kuwabwezeranso, basi tswiii m'makutu, khanda n'kuyamba kulira. Titaisuntha phokosolo linatha, koma china chinatsala: amene wagwira maikolofoni ndiye mwini mawu, ena onse omvera. M'bale wokhoma mabenchi uja analalikira mphindi 50. Atafunsa ngati pali woonjezerapo, panali zii. Agogo aja, amene tsiku loyamba anatifotokozera m'mene anapempherera mwana wawo zaka zambiri, anangoyang'ana nkhongo ya munthu wa patsogolo pawo.

Ndinaganiza kuti anthu sanazolowere chabe.

13 Febuluwale

Benchi lapakati lathyoka, tili mkati mwa pemphero. Linali ndi akuluakulu anayi. Matabwa pouma anapindika n'kufupika, misomali inakhwefuka m'mabowo ake, ndipo popanda chopingasa chija miyendo inangotagadza uku ndi uku. Bambo wina anakhalira pansi mwamphamvu, mwayi wake palibe fupa lomwe linathyoka. Pemphero linathera m'kuseka, ndipo kunena zoona kameneko kanali koyamba kumva anthu akuseka muno chiikireni mizere.

Kukonza: thabwa limodzi louma lopingasa pa benchi lililonse, timatabwa tiwiri tokhomedwa mopendeka pakati pa mwendo ndi pokhalira, ndi masikuluwu m'malo mwa misomali, titayamba taboola kaye kuti thabwa lisang'aluke. Magawo 4. M'kachitini mwatsala 8. Benchi la mamita 2 ndi la anthu atatu akuluakulu, wachinayi akhale mwana.

20 Febuluwale

Nthawi itadutsa 9 koloko usiku tinamva kugogoda. Anali bambo a nyumba yoyandikana nafe, amene amalawira m'bandakucha kupita kuntchito. Sanakalipe. Anati, "Amayi, sindikuletsani kupemphera, koma khoma lathu ndi limodzi, ndipo sipika yanuyo mwaitsamiritsa komwe kuli mutu wa bedi langa." Masabata atatu onse anali akupirira. Ndinasowa poyang'ana.

Tinazimitsa sipika nthawi yomweyo, ndipo m'mawa mwake ndinapita ndi bambo akunyumba kukapepesa bwinobwino. Chomwe tikanachita tisanayambe n'komwe ndicho kupita kwa oyandikana nafe mbali zonse, ndi kwa eni nyumba poti ife ndi a lendi, kukawauza tsiku ndi nthawi. Tachita zimenezi tsopano, mochedwa.

Nthawi taikhazikitsa: kuyamba 6 koloko, kutseka hafu pasiti 7, pafika ofika. Mnyamata wina anati Mzimu suikiridwa wotchi, ndipo anatchula Paulo amene analankhula mpaka pakati pa usiku ku Trowa. Mkulu uja anamuuza kuti awerenge nkhaniyo mpaka kumapeto, pa Machitidwe 20:7-12: mnyamata wina dzina lake Utiko anaodzera pazenera n'kugwa kuchokera pansanjika yachitatu. Komanso Paulo m'mawa mwake ankachoka, pamene ife Lachinayi likubwerali tikumananso.

6 Malichi

Sabata yatha tinalipo 6. Lero 7. Anthu amene anayamba ndi changu akupereka zifukwa: mutu, alendo, ntchito. M'malo mwa ulaliki, lero tinangokhala pansi kufunsana kuti chavuta n'chiyani. Poti tinali ochepa, sitinavutike n'kundandalika mizere, tinangokoka mabenchi awiri kuti ayang'anizane.

Agogo aja ndiwo anamasula. "Ana anga, tchalitchi ndili nacho kale, chachikulu, cha kwaya yabwino ndi abusa ophunzira. Ngati muno muli chomwecho koma chaching'ono ndi chothina, ndivutikirenji usiku ndi miyendo yangayi? Ine ndinabwera chifukwa tsiku lija munandifunsa maganizo anga."

Tinatsegula 1 Akorinto 14:26, pomwe Paulo akufotokoza msonkhano womwe wina amabwera ndi salimo, wina chiphunzitso, wina vumbulutso, zonse kuti mpingo umangike. Msonkhano wotero sutheka anthu atafulatirana, ndiponso chida cholankhulira chili chimodzi.

Ndivomere pano kuti mizere ija ndinkaiikira kumbuyo ndi nkhani ya Dura-Europos, mzinda wakale wa m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates ku Syria, komwe ofukula za m'mabwinja anapeza nyumba yomwe Akhristu anaisandutsa malo opempherera pakati pa zaka za 233 ndi 256. Anagumula khoma n'kulumikiza zipinda ziwiri kuti mukhale holo ya anthu pafupifupi 70, anaika kansanja kotsika kumapeto, ndipo chipinda china anachikonza kukhala chobatiziramo, chokhala ndi zithunzi m'makoma. Ndinkati onani, ngakhale akalewo anakonza nyumba kuti ifanane ndi tchalitchi. Chomwe sindinkafuna kuona n'chakuti zimenezi zinachitika patadutsa zaka 200 chiyambireni mpingo, ndipo atagumula khomalo nyumbayo inasiya kukhala yogonamo banja. Yanga ndimagonamo. Mabuku a sukulu a ana ali patebulo lomwelo.

Sofa yabwerera pabalaza. Mabenchi ali m'mbali mwa makoma, tonse tikuonana nkhope. Sipika tagulitsa magawo 18, kutanthauza kuti 12 tangotaya, ndipo m'kachitini muli 26. Kagome kaja tsopano n'koikapo nyali, ndipo ntchito imeneyi kakuigwira bwino kwambiri. Ndinakumbutsa mkulu uja funso lake la mu Januwale, ndikuti mawu a akulu akoma akagonera. Anaseka n'kuti, "Magawo 12 ndi fizi yotchipa, amayi."

27 Malichi

Anthu abwerera, tilipo 14. Vuto latsopano ndi lakale lomwe, langovula maikolofoni. M'bale wokhoma mabenchi uja amayankha funso lililonse koyamba, motalika, ndipo wina akanena zake iye amabwerezanso "kuti zimveke bwino". Baibulo amalidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Ndiye anasonkha kuposa tonse, ndiye anakhoma ndi kukonza zomwe timakhalirazo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Masabata awiri tonse tinkangoyang'anizana.

Choyamba chomwe tinayesa chinalephera: wotsogolera ananena pagulu kuti "tiyeni tipatsane mpata", osatchula munthu. Amene anakhala chete ndi amanyazi omwe aja, mwiniwake sanadziwe kuti akunena iye. Chachiwiri chinali cha pa Mateyu 18:15, kupita kwa munthu pa awiri. Bambo akunyumba anapita kwawo Loweruka, ndipo m'malo momuuza kuti mumalankhulitsa, anamupempha ntchito: "Achimwene, muli anthu atatu muja amene sanalankhulepo chiyambire. Tithandizeni kuti alankhule. Muziyankha pomalizira, mutamva onse." Zinamupweteka, Lachinayi lotsatira sanabwere. Lero wabwera, ndipo anadzigwira mpaka funso lachitatu. Sindinganene kuti zatheratu.

Dongosolo lomwe tikutsata tsopano ndi ili. Wotsogolera amasinthasintha sabata iliyonse, ndipo mawu ake otsegulira sapitirira mphindi 10. Ndime imawerengedwa kawiri ndi anthu awiri osiyana, makamaka m'Mabaibulo omasuliridwa mosiyana, chifukwa mawu akasiyana pang'ono anthu amayamba okha kufunsa. Kenako mafunso atatu okha: ndime ikunena chiyani, chikutivuta n'chiyani m'menemo, tichita chiyani sabata ino. Chovutitsitsa ndi kudikira. Wotsogolera akafunsa, pakangokhala zii pang'ono amafuna kudziyankha yekha. Ndinayesa kuwerenga chamumtima mpaka 20 ndisanatsegule pakamwa, ndipo nthawi zambiri ndisanafike 15 wina amakhala wayamba, kawirikawiri munthu amene sumamuyembekezera.

3 Epulo

Ana afika 9. Tinayesa kuwatsekera kuchipinda ndi foni yoonetsa makatuni a m'Baibulo. Analimbirana foniyo mpaka galasi linang'aluka, mwini wake anakana kuti thumba limulipire. Tsopano ana amakhala nafe mphindi 20 zoyamba, amasankha nyimbo imodzi, wamkulu mwa iwo amawerenga vesi, kenako amapita patebulo la kukhitchini ndi akuluakulu awiri mosinthana, chitseko chili chotsegula. Awiri, osati mmodzi, ndipo lamulo limeneli silisintha ngakhale munthuyo timamukhulupirira chotani. Mapepala ndi makrayoni, magawo 3. Zatsala 23.

17 Epulo

Lachinayi loyandikira Pasaka. Apa ndi pomwe gululi likanathera.

Ndinaganiza ndekha, osafunsa aliyense, kuti usiku wokumbukira mgonero womaliza wa Yesu uyenera kukhala ndi Mgonero wa Ambuye. Ndinagula timakapu 24 tating'ono, buledi ndi botolo la madzi a mphesa, magawo 5, n'kuziika patebulo nditavundikira nsalu yoyera. Anthu polowa ankayang'ana nsaluyo, ndipo nkhope zinkasintha mmodzimmodzi.

Mayi wina wa Chikatolika ananena mwaulemu kuti kwa iwo Ukaristia umafunika wansembe, ndiye sangalandire, adikira panja. Mkulu uja, wa Chipresibateriya, anati kwawo Mgonero amagawa ndi mbusa wodzozedwa, ndipo iye sangachite m'nyumba zomwe sangathe kukazifotokoza kubwalo la akulu. Mnyamata wa Chipentekosite anati okhulupirira awiri kapena atatu akwanira, ndipo akuti amachita zimenezi ndi anzake. Wina anafunsa za ana ndi za alendo awiri osabatizidwa amene anali pakati pathu. Winanso anayambitsa za vinyo, kuti Yesu sanagwiritse ntchito madzi a mphesa a m'botolo, zomwe n'zoona ndithu: njira yowiritsa madziwo kuti asasase inayambitsidwa ndi Thomas Welch wa mpingo wa Methodist ku America mu 1869. Mawu anayamba kukwera, ndipo ndinaona mayi wa Chikatolika uja akutola chikwama.

Amene anatipulumutsa, modabwitsa, ndi m'bale wolankhulitsa uja. Anati, "Abale, Yohane salemba za mkate ndi chikho usiku umenewu. Amalemba za beseni ndi thaulo. Pa zimenezo pali mpingo woletsa?" Panalibe. Tinawerenga Yohane 13:1-17. Ndinatulutsa mabeseni awiri ochapira ndi matawulo omwe analipo, n'kutenthetsa madzi m'ketulo. Amayi tinapita kukhitchini, abambo anatsala pabalaza. Agogo aja anabisa mapazi kunsi kwa mpando n'kuti, "Ayi mwana wanga, mapazi angawa ndi ong'aluka, usawagwire," ndipo mtsikana wa siketi ya vanishi uja anawayankha kuti Petro nayenso anakana choncho. Anaseka, n'kuwatulutsa. Madzi anatithera kawiri, pansi ponse panali chinyontho, tinatseka mochedwa ndi mphindi 25 ndipo ndinakadziwitsa oyandikana nafe aja.

Tagwirizana kuti Mgonero wa Ambuye ndi ubatizo aliyense azilandira kumpingo kwake. Muno tizidyera limodzi chakudya wamba n'kuyamika, osachitcha dzina lina. Ndikudziwa kuti magulu ena a m'nyumba amagawa Mgonero okha, ndipo kwa iwo amene nyumbayo ndiye mpingo wawo wonse nkhaniyi ndi ina. Kwa ife osakanikiranafe sizikanatheka. Buledi anadya ana, timakapu tili m'kabati. Zatsala 18.

8 Meyi

Izi ndikulemba ndi mtima wolemera. Masabata awiri apitawo mayi wina anapempha pemphero pa za banja lake, akulira, n'kutchula zinthu zomwe munthu sanena pena paliponse. Mtsikana amene amalemba zidziwitso pagulu lathu la WhatsApp analemba pempholo usiku womwewo, dzina ndi zonse, kuti amene sanabwere apemphere nawo. Cholinga chinali chabwino. Ine ndinauona uthengawo, ndipo m'malo mouchotsetsa ndinayankha ndi kachizindikiro ka manja opemphera.

M'nyumba zambiri foni sikhala ya munthu mmodzi. Wina anawerenga pafoni ya mkazi wake, anauza mnzake, ndipo pasanathe masiku anayi nkhani inafika kwa mwamuna wa mayiyo. Zomwe zinachitika kunyumba kwawo sindilemba.

Tinapita awiri kukapepesa. Anatilandirira pakhomo, sanatilowetse. "Amayi, ine ndinabwera kudzapemphereredwa, sindinabwere kudzalengezedwa." Sitinadziikire kumbuyo, panalibe chodziikira.

Malamulo omwe taika, ndipo amanenedwa mokweza Lachinayi lililonse tisanayambe zopempha, ngakhale onse akhale akale: chonenedwa m'chipinda chino chimatsala muno, ngakhale kwa mwamuna kapena mkazi wako amene sanabwere. Pa WhatsApp pamalembedwa tsiku, nthawi, ndime ndi wotsogolera basi. Pempho likafunika kulembedwa, alembe mwini wake. Chokhacho chomwe sitibisa ndi pamene moyo wa munthu kapena wa mwana uli pangozi, ndipo zimenezinso timaneneratu kuti aliyense adziwe. Taonanso kuti zina sizoyenera kunenedwa pa anthu 20, ndiye pomaliza timagawikana atatuatatu, amayi paokha, abambo paokha.

22 Meyi

Akuluakulu 23, ana 11. Tinapempha Mulungu kuti atichulukitse, ndipo walira mvula walira matope. Chimbudzi chathu n'chimodzi. Sabata yatha chinatsekeka, pulambala anatulutsamo kagalimoto ka pulasitiki ndi mpukutu wa mapepala, magawo 9. Bilu ya madzi ndi ya magetsi zakwera. Lachinayi lililonse ndimayamba kusesa masana, Lachisanu m'mawa ndikutsuka mbale, ndipo ndinadzipeza ndikukalipira ana anga chifukwa cha anthu a Mulungu. Mwana wanga wamkulu anandifunsa ngati Lachinayi lingadumphidwe sabata imodzi.

Chakudya nachonso chinabweretsa zake. Ofika msanga ankayamba kudya, ochokera kuntchito mochedwa n'kupeza mbale zopanda kanthu, zenizeni zomwe Paulo anadzudzula pa 1 Akorinto 11:21, n'kulangiza pa vesi 33 kuti azidikirana. Tasunthira chakudya kumapeto, chikhale chopepuka, mabanja atatu pa sabata mosinthana, ndipo amene alibe chobweretsa safunsidwa. Otsuka mbale ndi amene sanaphike. Mwini nyumba satsuka.

Kenako mkulu uja anafunsa, mofatsa mwa nthawi zonse, kuti m'thumba mwatsala zingati. Pepala langa linkati 18. Kuchotsa za pulambala, 9. M'kachitini munali 4. Magawo 5 sindinathe kuwafotokoza. Ndikudziwa kuti ndinkatapamo kugula sopo ndi mapepala a kuchimbudzi, ndikuti ndilemba kenako, koma umboni ndinalibe. Palibe ananditchula wakuba, koma chete uja ndinamumva. Ndabweza 5 kuchokera m'thumba mwanga, ndipo kachitini ndakapereka. Paulo yemwe, potenga chopereka cha ku Yerusalemu, anayenda ndi m'bale wosankhidwa ndi mipingo kuti pasapezeke womunena, zili pa 2 Akorinto 8:18-21. Ine ndinadziyesa ndani?

Tsopano owerenga ndalama ndi awiri a mabanja osiyana, kope lina ndi lawo, ndipo amaliwerenga pagulu Lachinayi loyamba la mwezi. Tayambanso kusonkha pang'onopang'ono sabata iliyonse m'malo modikira vuto. Si nzeru yatsopano: timagulu ta John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, ta anthu pafupifupi 12 tinayamba ku Bristol mu 1742 ngati njira yotolera peni imodzi pa munthu pa sabata yobwezera ngongole ya nyumba yawo yosonkhaniramo, ndipo otolerawo poyendera anthu anayamba kudziwa za moyo wawo. Zosonkhazo tazigawa patatu: gawo limodzi la nyumba yomwe ikulandira, awiri a odwala ndi osowa. Justin Martyr, mlembi wachikhristu wakale, polemba cha m'ma 150 za m'mene Akhristu ankasonkhanira Lamulungu, anatchula ana amasiye, akazi amasiye, odwala, a m'ndende ndi alendo kuti ndiwo ankathandizidwa ndi chopereka. Ife miyezi inayi yoyamba tinathandiza sipika.

19 Juni

Tagawikana pawiri. Pa anthu 23 olankhula anabwerera kukhala asanu omwewo, ena anali pakhonde kusuzumira pazenera, ndipo m'nyumba munkatentha moti khanda silinkagona. Ena anati tichite lendi holo, tipeze dzina, mwinanso tiyambe kukumana Lamulungu. Tinakambirana masabata awiri n'kukana. Titati titero ndiye kuti tikuyambitsa mpingo, ndipo ambiri mwa ife tinauza abusa athu kuti sitikuchita zimenezo. Banja limodzi lakhumudwa ndi chigamulochi, likuganizabe.

Pogawa tinatsata kufupika kwa nyumba, osati chibwenzi, apo ayi olankhula onse akanapita kumodzi. Gulu lachiwiri likumana kwa mkulu uja, akuluakulu 11, ndipo iye anayamba wapita kwa oyandikana naye asanalandire munthu. Tizikumana tonse kamodzi pa miyezi iwiri, masana, panja. Pa Aroma 16 Paulo akupereka moni kwa mpingo wa m'nyumba ya Priska ndi Akula, kenako kwa timagulu tina "ndi abale amene ali nawo", mumzinda umodzi womwewo, ndiye tinaona kuti si chachilendo. Zinawawabe. Agogo aja agwera gulu linalo, ndipo anandigwira dzanja nthawi yaitali potsanzikana ngati akupita kutali, chikhalirecho ndi mtunda wa mphindi 10.

Zomwe zikadali poyera: mayi wa pempho la pa WhatsApp uja sanabwerere, ngakhale dzulo anayankha moni wanga koyamba. Gulu lachiwiri lilibe nyali, ifunika magawo 10 ndipo m'thumba lakale muli 9. Mapepala a nyimbo atsala 11 pa 20 aja, ena anapita m'Mabaibulo a anthu, ndiye aliyense angojambula ndi foni. Pabalaza pathu pazilandira masabata atatu, yachinayi kwa banja lina, kuti ana anga aziona Lachinayi limodzi lopanda alendo.

Mabenchi awiri tawanyamula usiku uno kupita kwa mkulu uja poti kumeneko mipando ndi yochepa kuposa kuno. Latsala limodzi, lija linathyoka, ndipo mwendo wake wakumanzere wayambanso kugwedera, Loweruka tiumangitse. Tinalipo 12 ndi ana 5. Ine ndinakhala pa ndowa.